Mbiri ya Nkhuku za pa Chigumula, ndi Adani Ao

Pa mseu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo pali Chigumula, pamene pali msika ndi midzi yambiri yozinga. M'midzi imeneyo mabanja okhala ndi ng'ombe ali owerengeka, okhala ndi mbuzi achulukirapo pang'ono, koma khomo lopanda nkhuku lisowa. Ndipo pamene zisowa, mukafunsa mwini khomo, adzakuuzani kuti zinalipo, koma chitopa chinapita nazo. Popeza chiweto ichi tichiona masiku onse, tichiyesa chachabe, ndipo palibe afunsa kumene chinachokera. Koma nkhuku iri ndi mbiri yaitali yoposa ya mafumu athu ambiri, ndipo iyenera kuti owerenga athu aimve.

Nkhuku si ya kuno. Mwini dziko ndiye nkhanga, imene makolo anaipeza m'thengo la Afrika; nkhuku ndi mlendo. Kholo lake ndi mbalame yofiira ya m'nkhalango, imene ikhala kufikira lero ku India, ku Myanmar ndi ku Thailand. Anthu ophunzira amene akumba m'mabwinja anapeza mafupa a nkhuku zoweta pa malo otchedwa Ban Non Wat, m'dziko la Thailand, ndipo anawerenga kuti ndi a pakati pa zaka 1650 ndi 1250 asanabadwe Ambuye. Iwo ayesa kuti mbalamezo zinayamba kuyandikira anthu chifukwa cha mpunga ndi mapira a m'minda yao, monga umo nkhanga zitsikira m'munda wakucha. Ndipo pozolowera kudya pafupi ndi nyumba zinaleka kuthawa. Owerenga Buku Lopatulika akumbukire kuti pamene chiwerengedwa chuma cha Abrahamu timva za nkhosa, ng'ombe, abulu ndi ngamila, koma za nkhuku iai. Koma pofika masiku a Ambuye wathu zinali zitawanda m'Yudeya, kotero kuti tambala anatsutsa Petro usiku uja, ndipo Ambuye mwini, polirira Yerusalemu, anatenga fanizo lake pa thadzi ndi anapiye ake.

M'Afrika mafupa akale koposa anapezeka pa Mezber, kumpoto kwa Ethiopia, a zaka ngati 800 kufikira 600 asanabadwe Ambuye. Ku gombe la kum'mawa, pa chisumbu cha Zanzibar, apezeka a zaka za m'ma 600 ndi 700 atabadwa Ambuye, nthawi imene zombo za amalonda zinali kuoloka nyanja yaikulu ya India. Kuchokera ku gombe nkhuku inakwera kumtunda pang'ono pang'ono, mudzi kupatsira mudzi. Dzina lake lomwe lichitira umboni za ulendo umenewo: Aswahili ati kuku, Ayao ati nguku, Ashona ati huku, Azulu ati inkukhu, ife ndi Atumbuka titi nkhuku. Amakua ndi Alomwe, amene abale ao achuluka m'midzi ya kuno, ali nalo lao lao, ati mwalakhu.

Pamene David Livingstone anakwera mapiri a Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja ali kulima thonje, kusula makasu, ndi kuweta nkhuku. Ndipo mphatso imene mafumu anali kumlonjera nayo kawirikawiri inali ufa ndi nkhuku. Mwambo umenewo sunafe. Mlendo wolemekezeka timphera nkhuku, ngakhale ana a pakhomo atatha mwezi ali kudyera masamba. Wolakwa pa bwalo alipa nkhuku. Pa chinkhoswe akuchimuna apereka tambala, akuchikazi napereka msoti, ndipo ankhoswe agawana nkhuku yophika pamaso pa anthu, kuti onse aone kuti mbumba ziwiri zalumikizana. Panalinso nchito zina zamdima zimene nkhuku inagwira: inaphedwa pa nsembe za mizimu, ndipo nthawi zina inamwetsedwa mwabvi m'malo mwa munthu womnenera ufiti, kuti ikafa mlandu ugwere mwini wake. Boma linaletsa mwabvi ndi lamulo la chaka cha 1911. Makolo anazidziwa nkhuku zao bwino, nazitcha maina monga mwa maonekedwe: kameta wa khosi lopanda nthenga, kansilanga wa nthenga zonyankhalala, simboti wa miyendo yaifupi, tsumba, kawangi, chiphulutsa. Munthu sapatsa maina otere chinthu chimene sachisamala.

Mishoni ya Blantyre inakhazikika m'dziko la Kapeni m'mwezi wa Okutobala 1876, ndipo pambuyo pake anafika amalonda ndi olima khofi. Apo mbiri ya nkhuku inatembenuka. Azungu anafuna mazira m'mawa ndi nkhuku madzulo, ndipo ophika ao anali kugula kwa anthu a m'midzi. Boma linaika msonkho wa nyumba, umene m'chaka cha 1894 unali masileni 3. Ndipo munthu wosafuna kukagwira nchito ku munda wa Mzungu anayenera kupeza kanthu kogulitsa. Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, m'chaka chomwecho kampani ya fodya ya Imperial inamanga nyumba zake pa Limbe, ndipo pamalo pamene panali thengo panakula mudzi wa masitolo, wa Amwenye, wa akalaliki ndi wa anchito a njanji, onsewo ofuna kudya osalima. Midzi ya ku Chigumula, pokhala pafupi kotero kuti munthu alawira m'mamawa ndi dengu nabwera dzuwa lisanapendeke, inapeza msika pakhomo. Kuyambira pamenepo nkhuku, imene kale inali ya ulemu ndi ya milandu, inasanduka ndalama: ya msonkho, ya mchere, ya sopo, ya sukulu, ndi ya chopereka cha Sabata.

Phindu limeneli linali ndi chotayika chake, ndipo tisachibise. Dzira limene lipita ku Limbe silinalowe m'mimba mwa mwana. Pamene Dr B. S. Platt ndi anzake anafufuza za chakudya cha anthu a m'midzi ya Nyasaland m'zaka za 1938 ndi 1939, anapeza kuti nyama ndi zina zochokera ku ziweto zinali zochepa ndithu pa mbale za anthu. Kuonjezera apo panali miyambo yoletsa: mkazi wapakati asadye mazira, kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi; ndipo m'mabanja ambiri ana omwe anakanizidwa. Mau amenewa alibe choona m'kati mwake. Dzira liri ndi zonse zomangira kamwanapiye, mafupa, mnofu ndi nthenga zomwe, m'masiku 21. Chomwecho limanganso thupi la mwana wa munthu. Mkristu amene analeka kuopa mwabvi sayenera kuopa dzira. Komabe tinene chilungamo: amai ambiri amana ana mazira si chifukwa cha mwambo, koma chifukwa afuna kuti thadzi lifungatire, pakuti adziwa kuti mwa anapiye khumi adzakula atatu kapena anai okha. Chotero wofuna kuti ana adye mazira ayambe waletsa imfa ya anapiye.

Mvula itakana m'chaka cha 1949, njala yaikulu inagwa m'boma la Blantyre, ndipo monga ichitira njala iri yonse, ziweto zazing'ono ndizo zinatsogola kunka ku msika kukasinthidwa ndi chakudya. Nkhuku ndiyo nkhokwe ya munthu wosauka, imene aipasula poyamba. Ndiyonso iyamba kubwerera, pakuti mbale akakubwereka msoti umodzi, chaka chisanathe uli ndi khola.

M'zaka za m'ma 1950 Boma linaganiza zokuza mtundu wa nkhuku za m'midzi. Nkhuku yathu ndi yaing'ono, ikula mochedwa, ndipo iikira katatu pa chaka, mazira 10 kufikira 15 nthawi imodzi. Pamenepo ileka, nifungatira, niyenda ndi ana. Tsono anabwera ndi nkhuku yakuda yaikulu yotchedwa Black Australorp. Mtundu umenewu unakonzedwa ku Australia kuchokera ku nkhuku za Orpington, zimene William Cook anazionetsa ku England m'chaka cha 1886. Ndipo unatchuka pa dziko lonse pamene mathadzi 6 anaikira mazira 1,857 m'chaka chimodzi, pa mpikisano wa 1922 ndi 1923. Anaziswetsa pa Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, si kutali ndi Chigumula, ndi pa Bwemba ku Lilongwe, ndi pa Choma ku Mzuzu. Ndipo anapiye a masabata 6 anagulitsidwa kwa anthu a m'midzi pa mtengo wochepa. Dzina lachilendo lija linakanika pakamwa, ndipo kufikira lero nkhuku yakuda yaikulu titi ndi Mikolongwe. Cholinga chinali chakuti atambala akudawo akwere mathadzi athu, kuti ana akhale ndi thupi la atate ndi kulimba kwa amai.

Nzeru imeneyi inali yabwino pa pepala, ndipo ena anapindula nayo, makamaka amene anali ndi khola ndi chakudya. Koma patapita zaka makumi angapo, aphunzitsi a ku Bunda poyendera midzi anapeza kuti nkhuku zachikuda ndizo zichulukabe kutali. Zifukwa zake munthu wa kumudzi azidziwa. Mikolongwe inabadwira m'makina, yosaona amake, ndipo sidziwa kuthawira pansi pa nkhokwe mthunzi wa kabawi ukadutsa. Thupi lake lalikulu lifuna chakudya chambiri choposa chimene ipeza popalasa pa dzala. Sifulumira kufungatira, ndipo nkhuku yosafungatira, pamudzi wopanda makina, ndiyo mapeto a khola. Tambala wakuda akafika pamudzi apeza atambala a eni dziko, aang'ono koma odziwa nkhondo. Ndipo popeza ali wonenepa, ndiye ayamba kugwidwa mlendo akabwera. Amene anakonza nchitoyi anayang'ana pa mtundu wa nkhuku, koma chimene chinali kupha nkhuku za anthu sichinali mtundu: chinali nthenda, njala ndi zirombo, ndipo izi sizisankha yakuda kapena ya mawanga.

Tifike tsono pa mdani wamkulu, chitopa, chimene ena achitcha chideru. Azungu achitcha nthenda ya Newcastle, pakuti chinadziwika poyamba m'chaka cha 1926 pa mudzi wa Newcastle upon Tyne ku England, ndi pa chisumbu cha Java m'chaka chomwecho. Chinafalikira ndi zombo, nichioneka pa Mombasa m'chaka cha 1935, ndi ku Natal cha m'ma 1944. Chiyambi chake ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, ka mtundu umene madokotala autcha vairasi, kamene kayenda m'mpweya, m'mamina ndi m'zitosi za nkhuku yodwala, ndiponso pa mapazi a anthu, pa madengu ndi pa nthenga. Kuno chikula mphamvu m'miyezi yotentha, kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba. Zizindikiro zake palibe mai wosazidziwa: nkhuku iodzera, igwetsa mapiko ngati yabvala chikhoti, ipuma mobanika, ichita zitosi zobiriwira, ndipo ina ipotoka khosi niyenda chozungulira. M'sabata imodzi khola la nkhuku makumi awiri likhala chete.

Makolo anati, nkhuku yoweta sagula pamsika. Mwambi umenewu akulu aunena polangiza mnyamata wofuna mkazi, koma pa nkhuku penipeni uli woona koposa. Taonani umo chichitikira. Munthu aona kuti nkhuku zake ziwiri zaodzera. Adziwa chimene chirinkudza. Agwira zotsalazo, zooneka zamoyo, nathamangira nazo ku msika wa Chigumula kapena wa Limbe, nazigulitsa motchipa. Wogula akondwa kuti wapeza mwai, naika msoti wake watsopano pamodzi ndi zake usiku womwewo. Koma kachirombo kakhala m'thupi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, nthawi zina kufikira masabata awiri, kasanaoneke. Ndipo pakutha mwezi mudzi wachiwiri uli kulira. Wogulitsayo sanabe kanthu, koma wagulitsa imfa kwa mnansi wake alikudziwa, ndipo Mkristu adzifunse ngati ichi chisiyana ndi muyeso wonyenga. Amene zake zayamba kudwala azitsekere pakhomo pake. Zakufa azikwirire mozama kapena azitenthe, asazitaye pa dzala pamene agalu adzazikokera kwa anzake. Ndipo nkhuku iri yonse yachilendo, ingakhale ya mphatso ya apongozi, ikhale payokha masabata awiri isanasanganizidwe ndi zinzake.

Chitopa chiribe mankhwala ochiza. Anthu athira tsabola m'madzi, ena makungwa a mitengo, ena phulusa, ena atsegula makapisozi a kuchipatala. Ndipo nkhuku imodzi ikapulumuka ati mankhwala agwira, osakumbukira khumi zimene zinamwa omwewo ndi kufa. Chimene chiripo ndi katemera, woteteza nkhuku isanadwale. Akatemera oyamba, monga wa La Sota, wochokera ku kachirombo kofooka kamene kanapezeka ku New Jersey m'chaka cha 1946, anapangidwira makola akulu: afuna kusungidwa pozizira kuchokera kumene apangidwa kufikira pa khola, ndipo munthu wa kumudzi wopanda magetsi sanathe kupindula nao. Chifukwa chake ophunzira a ku yunivesite ya Queensland, ku Australia komwe kunachokera Mikolongwe, motsogozedwa ndi Peter Spradbrow, anasankha mtundu wina wopirira kutentha, wotchedwa I-2, naupereka kwa maiko osauka kuti adzipangire okha osalipira. M'Malawi unayamba kupangidwa ku nyumba ya Boma yopimira nthenda za ziweto ku Lilongwe. Kaperekedwe kake n'kapafupi: dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, yaikulu ndi kamwanapiye komwe, kamodzi pa miyezi inai. Mphamvu yake iyamba patapita sabata imodzi kapena awiri. Apa mpamene ambiri akhumudwa: adikira kufikira chitopa chitalowa m'mudzi, ndipo pamenepo aitana wotemera, nkhuku zimene zinatenga kale nthenda zifa, ndipo mbiri ibuka kuti katemera ndiye wapha. Ngati tiweruza mwachilungamo, kadontho aka kachitira nkhuku za m'midzi zabwino zoposa atambala onse akuda amene anatuluka pa Mikolongwe.

Adani ena ali aang'ono, koma adya tsiku ndi tsiku. Utitiri umamatira pa zikope ndi pa mutu, nuyamwa mwazi, kotero kuti anapiye afooka ndipo thadzi lithawa mazira ake; mafuta odzola opakidwa pamene wamamatira aupha, ndipo phulusa lowazidwa m'khola ndi m'chisa liuchepetsa. Nsabwe zikhala m'nthenga, ndipo nkhuku idzichotsa yokha ikapeza phulusa ndi mchenga wouma wosambamo. Nthomba, imene itulutsa njerewere pa nkhope, ifalikira ndi udzudzu. Njoka za m'mimba zichuluka pamene nkhuku zimwa m'zithaphwi. Zonsezi zichepa ndi tsache ndi madzi oyera. Ambiri aganiza kuti nkhuku sifuna kupatsidwa madzi, popeza idzifunira yokha. Koma mu Okutobala iwapeza kuti, koma kuseri kwa bafa?

Za khola, makolo anachita bwino pomanga lokwezeka pa mitengo, lokhala ndi mipata pansi kuti zitosi zigwe, ndi makwerero ochotsa usiku. Khola lotere lipitisa mphepo, ndipo bvumbwe, amene dzina lake timva pa mudzi woyandikana ndi Chigumula, salowamo msanga, ngakhale likongwe. Zitosi zosesedwa pansi pake ndizo manyowa oposa onse a m'dimba la kabichi ndi matimati, zimene anthu a dera lino atumiza ku Limbe. Masiku ano, chifukwa cha akuba, ambiri agoneka nkhuku m'nyumba yogona anthu kapena m'khitchini. Tiwamvetsa, koma ana okwawa pansi atola zitosi nadya, ndipo matenda a m'mimba achokera pomwepo. Ngati ziyenera kugona m'nyumba, zikhale m'chipinda chao, ndipo museseke m'mawa ana asanatsike pa mphasa.

Thadzi lisapatsidwe mazira oposa 10 kapena 12, pakuti otsalira kunja kwa mapiko asukuluka. Oonjezerawo ndiwo a ana. Anapiye akaswa, masabata oyamba ndiwo a imfa: mame a m'mawa awazizira, kabawi ndi khwangwala awatola, ndipo amao awayendetsa mtunda wosayenera miyendo yao. Wowatsekera pansi pa dengu lalikulu loluka motakasuka, kapena m'kampanda, kwa mwezi umodzi kapena masabata 6, nawapatsa madeya, misere, masamba odula ndi madzi m'kambale kosazama, adzakuza ambiri mwa amene akadafa. Madeya okha sakwanira, pakuti akhutitsa osamanga thupi. Chiswe ndicho nyama yao: mphika wakale wodzazidwa ndi zitsononkho, udzu ndi ndowe zouma, wonyowetsedwa ndi kubvundikiridwa pafupi ndi chulu, m'mawa mwake upezeka wodzala. Fumbi la usipa lotsalira pansi pa thumba lithandizanso, ndi zikamba za mazira zokazinga ndi kusinja zibwezera thadzi chimene linatulutsa.

M'masiku athu ano Chigumula chalowa m'mzinda, ndipo pafika nkhuku zoyera zachizungu, zogulidwa za tsiku limodzi, zimene zikula m'masabata 6 pa chakudya cha m'matumba. Izi ndi malonda, si kuweta kwa pakhomo. Zifuna moto usiku, utuchi wouma, ndi katemera wa chitopa ndi wa Gumboro, nthenda yotchedwa ndi dzina la mudzi wa ku Delaware kumene inadziwika m'chaka cha 1962. Ndipo mtengo wa chakudya ukakwera phindu lonse lithera m'thumba. Komabe pa msika nkhuku yachikuda igulidwa mtengo woposa yoyera ya msinkhu womwewo, pakuti anthu akonda msuzi wake, ndipo pa chinkhoswe palibe nkhoswe afuna kuoneka atanyamula yoyera. Tambala amene Livingstone analonjeredwa naye ndiye yemwe anasindikizidwa pa ndalama yaing'ono ya dziko, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masileni m'chaka cha 1971.

Nkhuku za pakhomo kawirikawiri ziri m'manja mwa amai ndi ana, ndipo mau otsiriza apite kwa amai a Mvano. Botolo limodzi la katemera likwanira nkhuku za makomo ambiri, ndipo likatsegulidwa silikhala masiku. Chifukwa chake munthu mmodzi wa nkhuku zisanu ndi ziwiri sangaligule yekha, koma makomo makumi awiri osonkherana angathe. Mlangizi wa ziweto adziwa kumene lipezeka, ndipo aphunzitsa kudonthetsa m'mawa umodzi. Nkhuku zisatsegulidwe tsiku limenelo kufikira wotemera atadutsa, botolo liyende lokulungidwa m'nsalu yonyowa, m'dengu, pamthunzi. Ndipo mwa maulendo atatu a pa chaka, umene suyenera kuphonyedwa ndi wa Julaye, kutentha kusanayambe.